Munthu wakuda uja amene amaphedwa pa siteshoni filimu ikungoyamba kumene

Nabanda:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso, mwina akuluakulu muli muno mundithandiza. Sabata yatha tinali kumudzi kukalongosola katundu wa malemu bambo anga, ndipo pansi pa bedi tinapeza katoni yodzaza ndi matepi a vidiyo, onse a akauboyi. Ambiri achita nkhungu. Koma pali imodzi imene ndikuikumbukira bwino chifukwa bambo ankaionera pafupifupi Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi. Imayamba ndi amuna atatu akudikira sitima pa siteshoni ya m'chipululu, palibe amene akuyankhula. Mmodzi ndi wakuda, wamtali, wadazi, ndipo madzi akumudonthera pamutu kuchokera pa thanki. Iye sasuntha. Amangovala chipewa, madzi aja n'kumadonthera pachipewapo, kenako amachivula n'kumwa madziwo. Sitima ikafika, amaphedwa. Bambo ankati akafika pamenepo amabweza tepi n'kuyambiranso. Ndili mwana ndinkadabwa kuti n'chifukwa chiyani akukonda munthu woti si mwini filimu. Pepala la pa tepi linamatuka kalekale, pangotsala mawu amodzi amene bambo analemba okha ndi bolopeni: JEKE. Kodi ndilo dzina lake? Ndikufuna ndimudziwe munthu ameneyu.

Wa Vidiyo Sho ku Ndirande:
Pepani ndi zovutazo achemwali. Filimuyo ndi Once Upon a Time in the West, ya 1968. Ndinaionetsa kangapo pa sho yanga koma anyamata sankaikonda, ankakuwa kuti bwezani ndalama zathu, mphindi khumi zatha anthu angokhala osamenyana. Wotsika sitimayo akuliza hamonika ndi Charles Bronson. Wakudayo ndi Woody Strode. Za Jeke sindikudziwa.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga Nabanda, pepa kwambiri. Bambo ako anali ndi maso. Munthu ameneyu ndamutsatira kwa zaka zambiri, ndiye undilole nditalikitse pang'ono.

Woody Strode anabadwa mu 1914 ku Los Angeles. Asanalowe m'mafilimu anali wamasewero, ndipo n'chifukwa chake thupi lake linali loumbika chotero. Ku yunivesite ya UCLA ankasewera mpira wa ku America uja wonyamula m'manja, timu imodzi ndi Kenny Washington komanso Jackie Robinson, yemwe uja pambuyo pake anathyola tsankho mu baseball. Pa nkhondo yachiwiri anali msilikali ku zilumba za Pacific. Atabwerako, mu 1946, iye ndi Washington analembedwa ndi timu ya Los Angeles Rams. Panthawiyo panali patatha zaka zoposa khumi ligi ya NFL isakulemba munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Anangosewerako chaka chimodzi, kenako anapita ku Canada, kenako anayamba masewero ogwetsana kuti apeze chakudya cha ana.

Kumafilimu ankamupatsa zimene ankapatsa akuda onse: kukhala mlonda wa mfumu, kunyamula mkondo m'nkhalango, kuima kumbuyo chifuwa chili pamtunda. Chaka chimene zinthu zinasintha ndi 1960. Mu Spartacus ndiye kapolo uja Draba, amene amamenyana ndi Kirk Douglas, n'kumugwetsa, koma amakana kumubaya. M'malo mwake amaponya mkondo wake kwa mabwana amene akuonerera, n'kuphedwa pomwepo. Chaka chomwecho wotsogolera mafilimu John Ford anamupatsa Sergeant Rutledge. Mmenemo ndi sajeni wa gulu la asilikali akuda okwera pamahatchi, amene akuimbidwa mlandu wabodza wogwiririra ndi kupha mtsikana wachizungu. Dzina la filimu ndi lake, nkhani yonse ndi yake, koma pa chikwangwani anayamba kulemba mayina a azungu, Jeffrey Hunter ndi Constance Towers, lake pambuyo. Chimenechi chimandiwawabe mpaka lero.

Ndalama zenizeni anakazipeza ku Italy, kumene Sergio Leone, wotsogolera filimu ya bambo akoyo, anamuika pa siteshoni paja. M'mphindi zonsezo satulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Mayi uja amene amaoneka pa siteshonipo n'kuthawa ndi mkazi wake weniweni, Luana. Woody anamwalira mu 1994, ali ndi zaka 80.

Nabanda:
Aphunzitsi, zikomo kwambiri. Ndawerenga kawiri. Sindinadziwe kuti panali filimu imene iye ndiye mwini wake. Bambo akanaiona bwenzi atasangalala bwanji.

Agogo a ku Luanshya:
Mdzukulu wanga, za Jeke ndikuuze ine. Kodi bambo ako anakhalako kumigodi kuno ku Zambia?

Nabanda:
Eya agogo, anakhalako ali mnyamata, asanakwatire mayi.

Agogo a ku Luanshya:
Basi ndi zimenezo. Ife tikukula ku komboni ya mgodi, bayisikopo inkaonetsedwa panja, pabwalo, anthu mazanamazana. Chingerezi cha akauboyi sitinkachimva, ndiponso phokoso la anthu linkaphimba mawu onse. Mayina a ochita sewero sitinkawadziwa. Aliyense amene wakwera hatchi, wavala chipewa, ndipo akamenya chibakera munthu amagwa, kwa ife anali Jeke. Lero nkhope ina, mawa nkhope ina, koma ndi Jeke yemweyo. Akamathamangitsa adani tonse tinkaimirira n'kumakuwa dzina limenelo. Mawa lake ana tonse tili ndi mfuti zamitengo m'chiuno, tikuyenda motang'adza.

Koma Jeke nthawi zonse anali mzungu. Ine sindinaonepo Jeke wakuda pa bayisikopo ija. Ndiye ngati bambo ako analemba dzina limenelo pa tepi ya munthu wakuda uyu, ukudziwa wekha chimene ankatanthauza.

Nangozo wa ku Leeds:
Agogo mwandiliza ndili pa basi.

Chatsalira:
Agogo, ndi ulemu wonse, ndifunseko. Inuyo munkakuwira Jeke pomwe iye akuwombera eni nthaka a ku America, aja ankawatcha Amwenye. Anthu amene analandidwa malo awo ndi azungu, monga momwe ife tinalandidwira. Simunkaona kuti mukusapota mbali yolakwika?

Agogo a ku Luanshya:
Mwana wanga, funso lako ndi labwino ndipo sindikukwiya nalo. Tinali ana. Chimene tinkaona ndi munthu wosaopa aliyense, woti bwana sangamukalipire. Bambo athu akabwera kuchokera pansi pa mgodi atatukwanidwa ndi kapitawo, ife tinkafuna munthu wobwezera chibakera. Za malo a Amwenye aja tinadzazimvetsa tili akuluakulu. Koma John Wayne ndimamukondabe, ndisakunamize.

Chatsalira:
Apo ndiye pamene ndikuvutikira agogo. John Wayne yemweyo mu 1971 anauza magazini ya Playboy poyera kuti iye amakhulupirira kuti azungu ndiwo azilamulira mpaka akuda ataphunzira mokwanira. Ananenanso kuti saona cholakwika pa kulanda dziko kwa eni ake. Si mphekesera, zinasindikizidwa. Ndipo munthu yemwe anavala yunifolomu m'mafilimu ambirimbiri sanapite kunkhondo. Anzake anapita, iye anatsala n'kumatchuka.

Aphunzitsi Opuma:
Chatsalira, zimene wanenazo n'zoona zonse, ndipo sindimuikira kumbuyo pa mawu a 1971 aja. Ndi mawu oipa. Koma tiyeni timuone munthuyo yense, chifukwa moyo wake si wa mwana wobadwira pabwino.

Dzina lake lenileni ndi Marion Morrison, wobadwa mu 1907 ku Winterset, m'boma la Iowa. Dzina loti Duke limene anzake ankamuitana linali la galu wake. Anapita ku yunivesite ya USC chifukwa cha mpira, koma atavulala phewa akusambira m'nyanja anataya mwayi wa fizi, n'kuyamba ntchito yonyamula katundu ku situdiyo ya Fox. Mu 1930 anamupatsa filimu yaikulu, The Big Trail, ndipo siinayende malonda. Chotsatira chake anakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi akupanga timafilimu totchipa ta akauboyi, tojambula sabata imodzi basi, ena mwa amene agogo ankaonera ku Luanshya. Mmenemo ndi mmene anaphunzirira ntchito. Kayendedwe kake kaja, kagwedwe pahatchi, kamenyedwe ka chibakera koti kamera ione ngati chafikadi, zambiri anazitenga kwa Yakima Canutt, katswiri wolowa m'malo mwa ochita sewero pa zoopsa. Anatulukira mu 1939 ndi Stagecoach ali ndi zaka zoposa 30.

Za nkhondo, Japan ikuphulitsa Pearl Harbor iye anali ndi zaka 34 ndi ana anayi, ndipo kampani ya Republic sinkafuna kumutaya. Zifukwa zinalipo. Koma anzake amsinkhu womwewo, a mabanja ngati iye, anapita. Ngakhale John Ford, amene anamukweza, sanamukhululukire. Pojambula The Man Who Shot Liberty Valance ya 1962 ankamunyoza pagulu, kumuyerekeza ndi James Stewart amene anaulutsa ndege zankhondo komanso Woody Strode amene anaseweradi mpira wa ligi. Ine ndimaona kuti ukali wake wonse wa pandale wa pambuyo pake unkachokera pa bala limenelo.

Msilikali Wakale:
Aphunzitsi mwatchula James Stewart, ndiloleni ndilowepo, chifukwa nkhani ya amene anapita ndi amene sanapite imandikhudza.

Stewart anali kale ndi mphoto ya Oscar pamene ankalowa usilikali mu March 1941. Poyamba anamukana kuti ndi woonda kwambiri, iye n'kubwereranso. Akuluakulu ankafuna kumusunga ku America kuti aziphunzitsa ena, iye anaumirira mpaka anamutumiza ku England, kumene anaulutsa ndege za B-24 maulendo 20 kukaponya mabomba m'madera a Germany. Atabwerako sankafuna kukamba za nkhondoyo. Muonereni mu Winchester '73 ya 1950, pamene wagwira munthu n'kumukanikiza nkhope pa kauntala ya m'bala. Maso amenewo si a sewero lokha ayi. Ndawaonapo maso otero pa anzanga. Mu 1969 mwana wake womupeza, Ronald, anaphedwa ku Vietnam.

Koma wanga weniweni ndi Audie Murphy. Mwana wa alimi osauka a thonje ku Texas, bambo anathawa banja, mayi anamwalira iye ali wachichepere. Mlongo wake anamuthandiza kunamiza zaka kuti alowe usilikali. Kamunthu kakafupi, nkhope ya mwana. Mu January 1945 pafupi ndi mudzi wa Holtzwihr ku France anauza anyamata ake kuti abwerere m'nkhalango, iye n'kukwera yekha pa galimoto yankhondo imene inali ikuyaka moto, n'kugwira mfuti yaikulu ya pamwamba pake kwa pafupifupi ola lathunthu, atavulala mwendo. Anapatsidwa Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya usilikali ku America, asanakwanitse zaka 20. James Cagney ataona chithunzi chake pachikuto cha magazini ya Life anamuitanira ku Hollywood. Anapanga mafilimu oposa 40, ambiri a akauboyi, ndipo mu To Hell and Back ya 1955 anasewera moyo wake womwe.

Chimene anthu sankachiona pa kanema n'chakuti munthuyu sankagona. Ankagona ndi mfuti pansi pa pilo, kulota nkhondo usiku ndi usiku. Anazolowera mapiritsi ogonetsa, ndipo atazindikira kuti amugwira anadzitsekera yekha m'chipinda cha hotelo kwa sabata mpaka anawasiya. Ndalama zinathera ku juga ya mahatchi ndi mabizinesi osayenda. Komabe ngakhale ali pa ngongole ankakana kutsatsa mowa ndi fodya, poopa kusocheretsa ana. Ndipo anaima poyera, nthawi imene amuna sankanena zoterezi, kuuza boma kuti lisamalire asilikali obwera ndi mabala a m'mutu. Anafa pa ngozi ya ndege ku Virginia mu May 1971, ali ndi zaka 45.

Ine nditabwera kumene ndinatumizidwa kukasungitsa mtendere, ndinatha chaka ndikudzidzimuka usiku chitseko chikangomenyeka. Palibe amene anandifunsa. Nditawerenga za Murphy m'pamene ndinalimba mtima kuuza mkazi wanga.

Nangozo wa ku Leeds:
Achimwene, zikomo potiuza zimenezi. Sizophweka. Ngati zimabwerabe nthawi zina, musazisunge nokha.

Msilikali Wakale:
Zikomo achemwali. Pano ndiliko bwino.

Wa Vidiyo Sho ku Ndirande:
Ine ndibwerere kwa Bronson pang'ono, chifukwa agogo a kumigodi ayenera kumva izi. Munthu uja anali wa mumgodi ngati inu nomwe. Dzina lake linali Buchinsky, makolo ake ochokera ku Lithuania, mwana wa nambala 11 mwa ana 15, ku Ehrenfeld ku Pennsylvania. Bambo ake atamwalira iye analowa mumgodi wa malasha akadali mnyamata. Ankanena yekha kuti kunyumba kunali umphawi woti tsiku lina anapita kusukulu atavala diresi ya mlongo wake. Dzina analisintha mu 1954 chifukwa nthawi imeneyo ku America dzina lomveka ngati la ku Russia linkakuchotsetsa ntchito. Anatchuka ku Ulaya kaye, kwawo anadzamuzindikira ali ndi zaka zoposa 50. Pa sho yanga ndikalemba Bronson pa bolodi panja, mabenchi ankadzaza.

Agogo a ku Luanshya:
Ayi ndithu sindinkadziwa. N'chifukwa chake manja ake anali otero. Manja a fosholo amadziwika.

Mnyamata wa ku Mzuzu:
Nanga Terence Hill ndi Bud Spencer? Ndiye akauboyi amene ine ndinakula nawo.

Wa Vidiyo Sho ku Ndirande:
Amenewo ndi a ku Italy mphwanga, Mario Girotti ndi Carlo Pedersoli. Mayina achingerezi anangowapatsa kuti mafilimu agulike. Franco Nero wa Django nayenso ndi wa ku Italy. Aku America enieni amene anapita kukagwira ntchito kumeneko ndi monga Clint Eastwood, amene Leone anamulipira madola 15,000 okha pa A Fistful of Dollars mu 1964, ndi Lee Van Cleef. Van Cleef uja anali atatsala pang'ono kusiyiratu mafilimu atavulala bondo pa ngozi ya galimoto, akudya za kupenta. Leone ndiye anakamutola. Ndipo chipululu chimene mumachiona m'mafilimu amenewa chambiri ndi cha ku Almería ku Spain.

Nangozo wa ku Leeds:
Ndakhala ndikudikira kuti wina atchule mzimayi, koma mpaka pano ndi amuna okhaokha. Ndiye ndimutchula ndine: Barbara Stanwyck.

Anabadwa Ruby Stevens mu 1907 ku Brooklyn. Ali ndi zaka zinayi mayi ake anafa atakankhidwa ndi munthu woledzera kuchokera m'sitima ya mumsewu. Patangopita masabata ochepa bambo ake anapita kukagwira ntchito yokumba ngalande ya Panama, osabwereranso. Anakulira m'makomo a eni, sukulu anasiyira panjira, n'kuyamba kuvina m'mashoo ali ndi zaka za m'ma 15. Mwana wamasiye ameneyu pofika 1944 ndiye anali mzimayi wolandira ndalama zambiri kuposa wina aliyense mu America. Mu Forty Guns ya 1957 pali malo pamene mzimayi amagwa pahatchi phazi litakodwa, hatchi n'kumamukoka pansi mkati mwa chimphepo. Wogwira ntchito yolowa m'malo pa zoopsa anakana kuti n'zoika moyo pachiswe. Stanwyck anachita yekha, ali pafupi ndi zaka 50. Anasankhidwa kanayi kupikisana pa Oscar osapambana, anadzamupatsa yaulemu mu 1982. Atamwalira mu 1990 phulusa lake analiwaza ku Lone Pine ku California, kumapiri kumene ankajambulako mafilimu a akauboyi.

Palinso Olivia de Havilland, amene ochita sewero onse ayenera kumuthokoza. Nthawi imeneyo kampani inkakumanga ndi kontirakiti ya zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ukakana filimu ankakuimitsa ntchito, miyezi imeneyo n'kuiwonjezera kumapeto. Iye anatengera Warner Bros. kukhoti n'kupambana mu 1944. Amuna onse olimba aja a mfuti m'chiuno sanayerekeze, anachita ndi mzimayi.

Aphunzitsi Opuma:
Mayi Nangozo mwanena zoona. Ndipo chimene de Havilland anayamba, Stewart anachipitiriza mwa njira ina. Pa Winchester '73 sanalandire malipiro wamba, anagwirizana ndi Universal kuti azigawana phindu, ndipo anapeza zochuluka kuposa zimene akanalipidwa. Kuyambira pamenepo mphamvu zinayamba kuchoka kwa eni masitudiyo kupita kwa akatswiri.

Za Stewart pali kanthu kena kamene ndimakakonda. Anakwera hatchi imodzi yomweyo, dzina lake Pie, m'mafilimu 17. Anayesetsa kuigula koma mwini wake anakana. Mnzake wapamtima Henry Fonda, amene ankasiyana naye kotheratu pandale, anaijambula hatchiyo pa pepala ndi utoto n'kumupatsa, ndipo Pie anafa pasanapite nthawi yaitali. Fonda yemweyo ndiye chigawenga cha maso abuluu mu filimu ya bambo ake a Nabanda. Anthu a ku America anazolowera kumuona ngati munthu wachilungamo, ndiye Leone anamusankha dala kuti awombere mwana pamalo ake oyamba.

Chatsalira:
Ndamva zonse ndipo ndaphunzirapo. Koma funso langa la eni nthaka silinayankhidwe. Ngakhale ntchito yosewera ngati iwo eni ankawalanda. Mfumu ya mtundu wa Comanche mu The Searchers anasewera ndi Henry Brandon, wobadwira ku Germany, atamupaka utoto. Iron Eyes Cody amene anthu ankamuyesa Mmwenye weniweni makolo ake anali ochokera ku Sicily. A Navajo a ku Monument Valley ankangolembedwa kuti azigwa pamahatchi, lero akhale Apache, mawa Comanche, mkuja Cheyenne. Jay Silverheels, amene anali Mohawk weniweni wa ku Ontario komanso katswiri wa masewero a lacrosse, anatha zaka akusewera Tonto, mnzake wa kauboyi Lone Ranger, akumuyankhulitsa Chingerezi chothyokathyoka pomwe iye ankachiyankhula bwinobwino.

Ndipo akauboyi enieni a m'mbiri, akatswiri a mbiri amati pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wakuda, enanso ambiri anali a ku Mexico. Bass Reeves, amene anabadwa kapolo, anadzakhala wapolisi wa boma n'kumanga anthu pafupifupi 3,000. Hollywood inangowafufuta. Agogo sanaone Jeke wakuda osati chifukwa kunalibe.

Agogo a ku Luanshya:
Apa sindikutsutsa mwana wanga. Bwenzi atationetsa ameneyo, komboni yonse ikanagwedezeka.

Aphunzitsi Opuma:
Analipo ochepa amene anayesa. Herb Jeffries chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anapanga mafilimu a akauboyi a anthu akuda okhaokha, oonetsedwa m'nyumba za kanema za akuda. Sidney Poitier anatsogolera Buck and the Preacher mu 1972, ali ndi Harry Belafonte. Koma sankafika kutali ngati a Wayne.

Chatsalira, ukaonere Liberty Valance ija. Muli malo pamene Woody Strode, amene akusewera wantchito wa Wayne dzina lake Pompey, ali m'kalasi pamodzi ndi ana. Akufunsidwa kuti alakatule mawu a chikalata cha ufulu wa America, ndipo amaiwala mbali yonena kuti anthu onse analengedwa ofanana. Stewart, yemwe ndi mphunzitsi, amamuuza kuti anthu ambiri amaiwala mbali imeneyo. Ford ankadziwa chimene akuchita. Ndipo Ford atadwala, Strode anakakhala kunyumba kwake kumusamalira. Ubale wa awiriwa ndi wovuta kuumvetsa, nkhalamba yaukali ija ndi munthu amene inamupatsa mpata umodzi waukulu kenako n'kumubwezanso kukhala wantchito.

Nangozo wa ku Leeds:
Pa John Wayne ndiwonjezere chimodzi monga namwino. Mu 1964 anamuchotsa phapo lakumanzere chifukwa cha khansa. Alangizi ake ankafuna abise kuti asaoneke wofooka, iye anaulula poyera n'kulimbikitsa anthu kukayezetsa. Nthawi imeneyo anthu ankaopa ngakhale kutchula dzina la matendawa. Anthu ena amaloza filimu ya The Conqueror, imene anajambula mu 1954 pafupi ndi St. George ku Utah, kumene mphepo inkabweretsa fumbi lochokera kumalo oyeserako mabomba a nyukiliya ku Nevada. Pa anthu 220 amene anagwira ntchitoyo, 91 anali atadwala khansa pofika 1980. Koma Wayne ankasutanso mapaketi asanu kapena kuposa patsiku, ndipo iye mwini ankaloza fodyayo. Filimu yake yomaliza, The Shootist ya 1976, akusewera nkhalamba ya mfuti imene ikufa ndi khansa, ndipo dokotala womuuza nkhaniyo ndi James Stewart. Patatha zaka zitatu, mu June 1979, khansa ya m'mimba inamutenga. Mawu ake a 1971 sindingawakhululuke. Koma filimu imeneyo sindingathe kuionera osakumbukira odwala anga.

Mnyamata wa ku Mzuzu:
Funso lina, mahatchi aja akamagwa chamutu pa liwiro, sankavulala?

Wa Vidiyo Sho ku Ndirande:
Ankavulala, ambiri ankafa. Ankawamanga waya kumiyendo yakutsogolo, waya ukatha hatchi n'kugubuduka. Pojambula Jesse James ya 1939 anagwetsa hatchi kuchokera pa phompho kupita m'madzi ndipo inafa. Anthu anakwiya, n'chifukwa chake bungwe la American Humane linayamba kuyang'anira nyama pojambula. Anthu nawonso ankaika moyo pachiswe. Yakima Canutt amene aphunzitsi amutchula uja, mu Stagecoach amadumphira pa mahatchi okoka ngolo ali pa liwiro, n'kugwera pakati pawo, mahatchi asanu ndi imodzi ndi ngolo yomwe n'kudutsa pamwamba pake. Palibe kompyuta pamenepo. Ndiyenso anakonza mpikisano wa magaleta mu Ben-Hur. Dzina lake ndi ochepa amalidziwa.

Woyang'anira Gulu:
Ndikuthokoza nonse kuti mwatsutsana mwaulemu, makamaka agogo ndi a Chatsalira. Ulusi uno ndausiya pamwamba sabata ino.

Nabanda:
Ndabweranso. Usiku wathawu ndinaipeza filimuyo pa intaneti ndipo ndinaonera chiyambi chija ndi ana anga. Ndinaona chimene ndili mwana sindinkachiona. Atatu aja akawomberedwa, awiri amangogwa. Woody Strode yekha, ali mkati mogwa, amawombera kamodzi ndipo chipolopolocho chimamupeza Bronson, nayenso n'kugwa pansi. Ndakumbukira kuti pamenepo m'pamene bambo ankamenya dzanja pa mkono wa mpando asanabweze tepi.

Ndinaimbira mayi kuwafunsa za Jeke. Anaseka, kenako anakhala chete. Akuti bambo ankawauza za bayisikopo ya panja ija, ndipo chipewa chawo chakuda chimene ankavala popita kumunda anachigula kumigodi komweko. Chili kwa mchimwene wanga wamkulu.

A Vidiyo Sho, tepiyi ingapulumuke? Sindikufuna kuionera, ndikungofuna isaole.

Wa Vidiyo Sho ku Ndirande:
Musaiike m'deki achemwali, nkhungu imadula lamba ndiponso imaononga mutu wa deki. Musaiyanike padzuwa. Ipukuteni kunja ndi kansalu kouma, osakhudza pamene bambo analembapo, muiike m'bokosi lake yokha pamalo ouma, yoimirira osati yogoneka. Muisiyanitse ndi matepi ena aja chifukwa nkhungu imapatsirana.

Agogo a ku Luanshya:
Mdzukulu wanga, ukawafunse mayi ako zaka zimene bambo ako anali kuno ndi chigawo cha komboni chimene ankakhala, undilembere kumbali. Mwina tinakhalapo pa bwalo limodzi.

Nabanda:
Ndiwafunsa Loweruka agogo. Ndikupita kumudzi ndi laputopu, aphunzitsi andithandiza kupeza Sergeant Rutledge. Mayi akuti aitana ndi azakhali kuti tidzaonere limodzi pakhonde.